Medicare ku America: Mafunso ndi Mayankho kwa Akuluakulu ndi Ana Awo

Tsambali ndi la a Malawi ndi ena olankhula Chichewa okhala ku United States amene akuyandikira zaka 65, komanso ana amene akuyendetsa mapepala a makolo awo. Ndalama zimene tatchula ndi za chaka cha 2025. Zimasintha Januwale aliyense, koma masiku olembetsera ndi malamulo a chindapusa sasinthasintha, ndipo ndi pomwe anthu ambiri amapwetekera.

Kodi Medicare ndi chiyani, ndipo ndi yaulere?

Ndi inshuwalansi ya boma la America yolipirira chithandizo cha kuchipatala kwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo. Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo lake pa 30 Julayi 1965 ku Independence, Missouri, ndipo khadi loyamba linapatsidwa kwa Harry Truman. Mu 1972 anawonjezerapo anthu olumala osakwana zaka 65 ndi odwala impso amene akufunika makina otsuka magazi. Oiyendetsa ndi a Centers for Medicare & Medicaid Services, koma kulembetsa kumachitikira ku Social Security.

Yaulere ayi. Amene tinazolowera kupita ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central ndi buku la kuchipatala lokha timaganiza kuti chinthu cha boma sichilipiridwa. Medicare ili ndi ndalama ya pamwezi, ili ndi ndalama yoyamba imene mumalipira nokha iyo isanayambe kulipira, ndipo pa chithandizo chambiri imangolipira 80 peresenti, 20 yotsalayo n'kukhala yanu.

Zilembo A, B, C ndi D zikutanthauza chiyani?

Part A imalipira mukagonekedwa m'chipatala, mukakhala kanthawi kumalo opezera mphamvu mutatuluka m'chipatala, ndiponso chisamaliro cha munthu amene madokotala aona kuti watsala pang'ono kumwalira. Amene anagwira ntchito ku America zaka 10 akudulidwa msonkho wa Medicare, uja wa 1.45 peresenti umene umaoneka pa pepala la malipiro, salipira kanthu pamwezi. Koma akagonekedwa amayamba wapereka $1,676, ndipo ndalamayi si ya pachaka: mukatuluka, n'kutha masiku 60 muli kunyumba, kenako n'kugonekedwanso, mulipiranso.

Part B ndi ya madokotala, zoyeza magazi, kujambula, opaleshoni yosagoneka, ambulansi, njinga ya olumala ndi zina zotero. Ndi $185 pamwezi, ndipo $257 yoyamba pachaka ndi yanu. Amene amapeza kuposa $106,000 pachaka, kapena $212,000 banja, amalipira zambiri, ndipo boma limayang'ana msonkho wa zaka ziwiri zapitazo. Ngati mwangopuma pantchito ndipo ndalama zatsika, pali fomu ya SSA-44 yopempha kuti aonenso.

Part D ndi ya mankhwala a ku famase. Part C, imene ambiri amaidziwa kuti Medicare Advantage, si chithandizo china chowonjezera ayi, ndi njira ina yolandirira A ndi B kudzera m'kampani ya inshuwalansi. Tiifotokoza payokha pansipa.

Ndikwanitsa zaka 65 chaka chamawa. Andilembetsa okha?

Pokhapokha ngati mwayamba kale kulandira ndalama za Social Security. Zikatero khadi lofiira, loyera ndi labuluu limabwera lokha pa positi patatsala miyezi itatu. Ngati simunayambe kulandira, palibe adzakukumbutseni. Muyenera kulembetsa nokha pa ssa.gov, pa foni ya 1-800-772-1213, kapena ku ofesi ya Social Security.

Mpata woyamba ndi wa miyezi 7: itatu mwezi wobadwa usanafike, mwezi wobadwawo, ndi itatu pambuyo pake. Ngati munabadwa pa 20 Juni, mpata wanu ukuyamba pa 1 Malichi ndi kutha pa 30 Seputembala. Mukalembetsa mu Malichi, Epulo kapena Meyi, inshuwalansi iyamba pa 1 Juni. Mukalembetsa mu Ogasiti, iyamba pa 1 Seputembala, ndipo miyezi yapakatiyo muli pambalambanda. Obadwa pa tsiku loyamba la mwezi amawerengedwa ngati anabadwa mwezi wam'mbuyo. Izi zikukhudza ambiri mwa makolo athu amene pasipoti yawo inalembedwa 1 Januwale chifukwa tsiku lenileni silinkadziwika: kwa iwo Medicare iyamba pa 1 Disembala, ndipo mpata wawo umatseguka mu Seputembala.

Nanga ndikaphonya miyezi 7 imeneyi?

Mudikira mpata wa anthu onse, wa 1 Januwale mpaka 31 Malichi, ndipo inshuwalansi iyamba mwezi wotsatira umene mwalembetsawo. Kudikirako n'kochepa poyerekeza ndi chindapusa. Pa chaka chathunthu chilichonse chimene munayenera kukhala ndi Part B koma munalibe, akuwonjezerani 10 peresenti pa ndalama ya pamwezi, ndipo sichichoka mpaka imfa. Wochedwa zaka ziwiri amalipira $37 yoonjezera pa $185 mwezi uliwonse, ndipo ndalama ya Part B ikakwera, chindapusacho chimakweranso nayo.

Ndikugwirabe ntchito ndipo ndili ndi inshuwalansi ya kuntchito. Ndilembetsebe?

Funso loyamba ndi lakuti: kampani yanu ili ndi antchito angati? Ngati ndi 20 kapena kuposa, inshuwalansi ya kuntchito ndiyo imayamba kulipira, ndipo mutha kuchedwetsa Part B popanda chindapusa. Chimodzimodzinso ngati inshuwalansiyo ndi ya kuntchito kwa amuna anu kapena akazi anu, bola akhale kuti akugwirabe ntchitoyo. Ngati antchito sakwana 20, Medicare ndiyo imayenera kuyamba kulipira, ndipo inshuwalansi ya kuntchito ikhoza kukana gawo limene Medicare ikanalipira, ngakhale inu simunalembetse. Ambiri a ife timagwira ntchito m'makampani ang'onoang'ono osamalira okalamba m'nyumba zawo kapena m'matchalitchi, choncho musangoganizira, funsani ku ofesi yoona za antchito ndipo yankholo akupatseni polemba.

Ntchito ikatha, kapena inshuwalansi ya kuntchito ikatha, chimene chayamba kutha pa ziwirizi, muli ndi miyezi 8 yolembetsa Part B popanda chindapusa. Mudzafunika fomu ya CMS-L564, imene abwana amasaina kutsimikiza kuti munali pa inshuwalansi yawo, ndi ya CMS-40B ngati Part A muli nayo kale. Musainitse musanachoke. Kampani ikatsekedwa kapena ikagulitsidwa, kupeza wosaina kumakhala ntchito ina.

Apa pali msampha umene wagwira anthu ophunzira bwino lomwe. Munthu akasiya ntchito amapatsidwa mwayi wopitiriza inshuwalansi ya kuntchito akudzilipirira yekha, imene amaitcha COBRA, nthawi zambiri kwa miyezi 18. Khadi ndi lomwelo, dokotala ndi yemweyo, ndiye munthu amaona ngati palibe chasintha. Koma pamaso pa Medicare, COBRA si inshuwalansi ya munthu wogwira ntchito. Miyezi 8 ija imayamba kuwerengedwa ntchito itangotha. Wodikira kuti COBRA ithe kaye amapeza mpata unatsekeka miyezi 10 yapitayo. Inshuwalansi ya opuma pantchito nayonso siwerengedwa, ngakhalenso ya pa Marketplace imene ambiri amaitcha Obamacare.

Chinanso: ngati mumasunga ndalama mu akaunti ya HSA, yosungiramo ndalama zolipirira kuchipatala, simuloledwa kuikamo ndalama mukakhala ndi Part A. Ndipo kwa wolembetsa atadutsa zaka 65, Part A imawerengedwa ngati inayamba mpaka miyezi 6 m'mbuyo, choncho siyani kuikamo patatsala miyezi 6 kuti mulembetse, mungakumane ndi a msonkho.

Ndaitanitsa mayi anga kuchokera kumudzi, ali ndi zaka 70 ndipo apeza green card. Alowa pa Medicare?

Osati msanga. Munthu wa green card amene sanagwirepo ntchito ku America ayenera kukhala m'dzikomo zaka 5 zotsatizana asanaloledwe kulembetsa. Mawu akuti zotsatizana ndi ofunika. Kupita kumudzi mwezi umodzi kukaona adzukulu kapena ku maliro sikudula chiwerengerocho, koma kukhalako kuposa miyezi 6 kumachititsa a Social Security kuyamba kufunsa, ndipo chaka chathunthu chikhoza kuwabwezera poyambira, kuphatikizapo kuika green card yeniyeniyo pachiswe. Amayi athu ambiri amakonda kuthawa chisanu cha kuno n'kupita kukalima, kuchoka Novembala kubwera Meyi. Werengani masikuwo bwino musanagule tikiti.

Zaka 5 zikakwana, Part B ndi $185 ngati wina aliyense, koma Part A ayenera kugula: $518 pamwezi. Zonse pamodzi ndi $703, mankhwala osawerengera. Atha kutenga Part B yokha, koma sangagule Part A popanda B. Mwezi umene zaka 5 zakwanirawo ndi umene umatsegula mpata wawo wa miyezi 7, ndipo chindapusa chimayamba kuwerengedwa akauphonya.

Nanga pa zaka zodikirazo? Wa green card amaloledwa kugula inshuwalansi pa Marketplace ngakhale atadutsa zaka 65, ndipo atha kukhalabe pomwepo ngati sakuyenera kulandira Part A yaulere. Medicaid ya boma lalikulu, inshuwalansi ya anthu a ndalama zochepa, nayonso ili ndi lamulo lodikira zaka 5, ngakhale kuti ma state ena, monga New York, amathandiza ndi ndalama zawo. Nkhaniyi ikambidwe tikiti isanagulidwe, chifukwa mayi wa shuga ndi BP kumusunga zaka 5 popanda inshuwalansi ku America n'kusewera ndi nyumba yanu.

Dziwaninso kuti lamulo limene linasainidwa pa 4 Julayi 2025 linachepetsa oyenera kulandira Medicare. Tsopano ndi nzika, a green card, ndi magulu ochepa monga ena ochokera ku Cuba ndi Haiti. Amene ali ndi chilolezo chothawa kwawo kapena mapepala ena osakhalitsa, ngakhale anadulidwa msonkho zaka zambiri, akaonane ndi loya wa za mapepala olowera m'dziko mwamsanga.

Ndinagwira ntchito m'boma ku Malawi zaka 25. Zakazi ziwerengedwa?

Ayi. Zowerengedwa ndi zimene munadulidwa msonkho ku America, ndipo amaziwerenga m'timagawo ta miyezi itatu: pakufunika 40. Amene ali ndi 30 mpaka 39 amagula Part A pa $285 m'malo mwa $518. Ngati mwatsala ndi tiwiri kapena titatu, kugwirako ntchito chaka chimodzi kumapulumutsa ndalama zambiri. Ntchito zolipidwa pamanja popanda msonkho sizioneka paliponse. Tsegulani akaunti pa ssa.gov muone zimene zinalembedwa pa dzina lanu.

Akazi anga sanagwirepo ntchito kuno. Adalira yanga?

Medicare ilibe khadi la banja, aliyense ali ndi lake ndipo amalowa pa zaka zake. Ngati inu muli ndi 65 ndipo iwo ali ndi 60, mukasiya ntchito iwo atsala opanda inshuwalansi zaka 5. Koma akadzafika 65 adzalandira Part A yaulere kudzera pa ntchito yanu, bola mukhale mutakwatirana chaka chimodzi ndipo inu muli ndi zaka zosachepera 62. Ukwati umene unatha utakhala zaka 10 umawerengedwanso ngati munthuyo sanakwatiwenso. Adzafuna mtchatho, ndiye amene munangochita chinkhoswe chokha konzekerani mafunso.

Ndisankhe Medicare yeniyeni ya boma kapena Medicare Advantage?

Ili ndiye funso lovuta, ndipo amene akukuyankhani mwachangu nthawi zambiri ali ndi chogulitsa.

Ya boma, A ndi B, imakulolani kupita kwa dokotala aliyense wolandira Medicare m'dziko lonselo, kawirikawiri popanda kupempha chilolezo. Vuto lake ndi 20 peresenti ija: ilibe polekezera. Pa matenda a khansa, 20 peresenti ikhoza kudya ndalama zonse zimene munasunga. Ndiye chifukwa chake anthu amagula Medigap, inshuwalansi ya kampani yotseka mpatawo, n'kuwonjezera Part D ya mankhwala. Mapulani a Medigap amadziwika ndi zilembo, ndipo Plan G ya kampani iyi imalipira zofanana ndendende ndi Plan G ya kampani inayo, kusiyana ndi mtengo basi. Plan C ndi F sagulitsidwanso kwa amene anakwanitsa zaka 65 kuyambira 1 Januwale 2020.

Medicare Advantage imaphatikiza zonse m'khadi limodzi. Mapulani ambiri alibe ndalama yapadera ya pamwezi, ngakhale $185 ya Part B mumalipirabe, ndipo amawonjezera pang'ono za mano ndi magalasi. Ali ndi polekezera: sangakulipiritseni kuposa $9,350 pachaka kwa madokotala a m'gulu lawo. Koma mumayenda m'gulu la madokotala ndi zipatala zimene kampaniyo inagwirizana nazo, ndipo pa zinthu zodula dokotala amayenera kupempha kaye chilolezo, chimene nthawi zina chimakanidwa.

Chimene otsatsa malonda a pa TV satchula ndi ichi. Mpata wogula Medigap popanda kufunsidwa za matenda anu ndi wa miyezi 6 yokha, kuyambira mwezi umene muli ndi zaka 65 komanso Part B. Ukadutsa, m'ma state ambiri kampani ikhoza kukukanani kapena kukweza mtengo chifukwa cha shuga, mtima kapena sitiroko. New York ndi Connecticut ndi ena mwa ochepa amene amaletsa zimenezi chaka chonse. Choncho munthu amalowa Advantage ali ndi mphamvu, akadwala pa zaka 72 n'kufuna kubwerera ku ya boma, khomo lobwerera lili lotsegula koma Medigap kulibe. Amene analowa Advantage atangokwanitsa 65 ali ndi chaka chimodzi choyesera, chimene angabwerere n'kugula Medigap popanda mafunso. Ife timaona kuti amene angakwanitse mtengo wa Medigap, makamaka wodwaladwala kapena amene amakhala miyezi ina kwa mwana uyu ku Texas ndi ina kwa uyo ku Indiana, ya boma imamuyenera. Wa ndalama zochepa amene madokotala ake onse ali m'gulu la pulani inayake, Advantage ikhoza kumuthandiza.

Sindimwa mankhwala alionse. Part D ndi ya chiyani kwa ine?

Tengani pulani yotsika mtengo kwambiri m'dera lanu, mungoikhala nayo. Mukatha masiku 63 otsatizana opanda inshuwalansi ya mankhwala yovomerezeka, chindapusa ndi 1 peresenti ya $36.78 pa mwezi uliwonse umene munalibe. Miyezi 24 ndi pafupifupi $8.80 pamwezi, moyo wonse. Komanso simungalowe tsiku limene dokotala wakulemberani mankhwala odula, mudikira Okutobala. Kuyambira 2023 insulin saposa $35 pamwezi ndipo katemera wa mashingozi ndi waulere. Mu 2025 anaika polekezera: mukawononga $2,000 pachaka pa mankhwala amene pulani yanu imalipira, zotsalazo simulipiranso.

Ndi ziti zimene Medicare silipira?

Ya boma silipira kutsuka kapena kuzula mano, mano oikirira, magalasi a maso ndi zothandiza kumva. Chachikulu, silipira munthu wokusambitsani ndi kukudyetsani tsiku ndi tsiku, kapena kukhala zaka kunyumba yosungira okalamba. Zimenezo ndi za m'thumba mwanu kapena Medicaid.

Kumalo opezera mphamvu imalipira mpaka masiku 100: oyamba 20 onse, otsalawo inu mukupereka $209.50 patsiku. Koma muyenera kukhala mutagonekedwa m'chipatala masiku atatu. Munthu atha kugona pabedi la chipatala mausiku atatu koma m'mabuku atalembedwa kuti akungoyang'aniridwa, ndipo masiku amenewo sawerengedwa. Amene mukudikirira wodwala, funsani anamwino tsiku loyamba lomwelo: alembedwa kuti inpatient kapena observation?

Ndikadwalira ku Malawi ndili pa tchuthi?

Medicare ya boma silipira chithandizo cha kunja kwa America. Mapulani a Medigap C, D, F, G, M ndi N amabweza 80 peresenti ya chithandizo chadzidzidzi m'masiku 60 oyamba a ulendo, mutalipira $250 yoyamba, mpaka $50,000 pa moyo wonse. Mumalipira kaye nokha, ndiye sungani malisiti onse. Wa Advantage akakhala kunja kwa dera la pulani yake kuposa miyezi 6 amachotsedwa.

Amene mukubwerera kumudzi kotheratu, Part A yaulere musaitaye, siikudyerani kanthu. Part B ndiyo yofuna kuganizira: kulipira $185 pamwezi muli ku Dedza pomwe sigwira ntchito, kapena kusiya n'kudzakumana ndi 10 peresenti pa chaka chilichonse ngati matenda adzakubwezereni ku America.

Ndalama zanga n'zochepa. Pali thandizo?

Lilipo, ndipo ambiri oyenera sapempha. Medicare Savings Programs, zimene mumafunsira ku ofesi ya Medicaid ya state yanu, zimalipira $185 ija. Pa gulu lotchedwa QMB amalipiranso 20 peresenti, ndipo dokotala saloledwa kukutumizirani bilu yake. QMB imathanso kulipira Part A ya amene akuyenera kugula. Extra Help, imene mumafunsira ku Social Security, imatsitsa mtengo wa mankhwala ndi kuchotsa chindapusa cha Part D. Malire a ndalama amasiyana state ndi state, choncho musadzikanize nokha.

Wina waimba foni akuti ndi wa Medicare, akufuna nambala ya khadi langa kuti anditumizire latsopano.

Dulani foniyo. A Medicare sakuimbirani mwadzidzidzi kufunsa nambala yanu. Makhadi atsopano opanda nambala ya Social Security anatumizidwa kale mu 2018 ndi 2019. Ogulitsa inshuwalansi nawonso saloledwa kugogoda pakhomo panu musanawaitane. Mukaona pa Medicare Summary Notice, kalata yoonetsa zimene Medicare yakulipirirani, kuti alipiritsa chinthu chimene simunalandire, nenani kwa a Senior Medicare Patrol, othandiza pa nkhani za chinyengo, kapena pa 1-800-633-4227.

Ndani angandithandize kusankha popanda kundigulitsa kanthu?

State iliyonse ili ndi alangizi aulere a SHIP, pulogalamu imene inayamba mu 1990. Salandira komishoni kuchokera ku kampani iliyonse. Maina amasiyana: HICAP ku California, SHINE ku Florida ndi Massachusetts, HIICAP ku New York, VICAP ku Virginia. Muwapeza pa shiphelp.org. Popita tengani khadi, mabotolo a mankhwala onse, maina a madokotala ndi famase imene mumagulako. Wogulitsa inshuwalansi wa kutchalitchi kwanu akhoza kukhala munthu wabwino, koma amalipidwa mukasaina, ndipo si makampani onse amene amawaimira.

Ana amene mukufuna kulankhula ndi a Medicare m'malo mwa bambo kapena mayi, asaine fomu ya CMS-10106 akadali ndi mphamvu. Popanda fomuyi sadzakuuzani chilichonse pa foni pokhapokha mwiniwake ali pomwepo kuti avomereze.

Ndinasankha kale pulani. Ndiyeneranso kuchita kanthu chaka chilichonse?

Inde. Pofika kumapeto kwa Seputembala pulani yanu imatumiza kalata yotchedwa Annual Notice of Change. Onani zinthu zitatu: ngati mankhwala anu akadali pa mndandanda, ngati dokotala ndi chipatala chanu akadali m'gulu, ndi mtengo watsopano. Kusintha kumachitika kuyambira 15 Okutobala mpaka 7 Disembala, ndipo pulani yatsopano imayamba pa 1 Januwale. Amene ali pa Advantage ali ndi mwayi wina wosintha kamodzi pakati pa 1 Januwale ndi 31 Malichi. Alangizi a SHIP amadzaza msanga nyengo imeneyi, ndiye imbani mu Seputembala kuti akusungireni tsiku.